Asilikali a m'bokosi nawonso ali pankhondo

Loweruka lina m'nyengo yozizira, mu holo ya tchalitchi kuno ku England momwe gulu lathu limachita lendi kamodzi pamwezi, ndinaima kumbuyo kwa mwana wa mchemwali wanga n'kumamuonerera akuyala asilikali ake patebulo. Mnyamatayu ali ndi zaka 14. Ankatulutsa kachidole kamodzikamodzi m'bokosi la siponji, kukauzira fumbi, n'kukaimika pamzere. Anayala oyenda pansi, anayala akasinja awiri, pomaliza anayalanso kagulu ka asilikali 5 ovala zachitsulo, omwe anatha milungu itatu akuwapenta madzulo akaweruka kusukulu. Bokosi linatsala pululu. Mzere wake unachokera kumapeto kuno kwa tebulo kukafika uko, wowongoka ngati apolisi pa perete.

Ndinamunong'oneza kuti asanu aja awabwezere m'bokosi. Anatembenuka modabwa. "Amalume, nanga ndinawapenteranji ngati azikhala m'bokosi?"

Funso limeneli si lachibwana, ndipo ndalimvapo kwa akuluakulu a imvi omwe. Munthu wagula tizidole ndi ndalama yake, watimata ndi guluu, wapenta maso ndi malamba ndi kaburashi kosongoka ngati singano, kenako wina n'kumuuza kuti tina tisaoneke mpaka masewera atafika pakati. Zimawawa ndithu. Komabe ine ndili kumbali ya bokosi. Ndimakhulupirira kuti wosewera amene wayala zonse patebulo ndime yoyamba ya masewera isanayambe wadzimanga yekha manja. Ndimakhulupiriranso kuti wosunga asilikali osadziwa chimene akuwasungira amaluza moipa kuposa mnzake uja.

Amene sanaonepo masewerawa adziwe kuti iyi ndi nkhondo yapatebulo. Pamakhala tiasilikali ta pulasitiki kapena chitsulo, tambiri totalika mamilimita pafupifupi 28, tina 15, pamodzi ndi nyumba zogumuka zopanga, timapiri, tepi yoyezera mainchi ndi madayisi. Masewera amayenda m'ndime, ndipo ndime iliyonse osewera amasinthana kusuntha asilikali ndi kuwombera. Mizu yake ili ku Prussia, komwe banja la von Reisswitz, bambo mu 1812 ndi mwana wake mu 1824, linakonza Kriegsspiel yophunzitsira akuluakulu a asilikali. Mu 1913 H. G. Wells anasindikiza malamulo oti anthu wamba azisewera kunyumba ndi timizinga toponya timitengo. Lero dzina lalikulu ndi kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, eni Warhammer 40,000 yomwe inatuluka mu 1987. Iyi ndiyo ankasewera mphwanga tsiku lija, potsata malamulo amene anatuluka mu 2023.

Sanandimvere, ndipo sindinamukakamize. Mnzake amene ankasewera naye anasiya magulu awiri pambali, pampando, pafupi ndi kapu ya tiyi. Ndime yoyamba mphwanga anayenda bwino kwambiri, mfuti zake zonse zinalira, ndipo mzere wonse unasunthira kutsogolo. Ndime yachiwiri anapitirira, n'kulanda malo olimbirana a pakati pa tebulo. Ndime yachitatu mnzake uja anatambasula dzanja pampando paja, n'kuimika asilikali 10 kumbuyo kwa mphwanga, pamalo ake enieni amene anawasiya opanda mlonda. Mnyamata anayeza ndi tepi kuchokera pa kasinja wake wapafupi. Anayezanso. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanabwerera n'kufika nthawi yabwino. Kuyambira pamenepo zigoli zinkapita kwa mnzake ndime iliyonse, iye akuthamangitsa mphepo.

Otsutsa kusunga asilikali ali ndi mfundo yolemera, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Masewera a Warhammer 40,000 amatha ndime 5 zokha. Pampikisano aliyense amabwera ndi asilikali a mtengo wa mapointi 2000. Malamulo a 2023 amalola kuika mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi, kutanthauza mapointi 500, mu zomwe amazitcha Strategic Reserves, asilikali osungidwa kunja kwa tebulo, ndipo m'malamulo ampikisano osungidwa saloledwa kulowa ndime yoyamba. Ndiye werengani nokha. Ngati ndasunga mapointi 500, ndime yoyamba ndikumenya ndi 1500 pomwe mnzanga akumenya ndi 2000. Iye akupha ambiri, ine ochepa. Ndime yachiwiri kusiyana kuja kwakula, chifukwa amene anafa kale sawomberanso. Gulu limene lalowa ndime yachitatu lataya ndime 2 mwa 5 za moyo wake. Wotsutsa amati mfuti imene ili m'bokosi ndi mfuti imene walipira koma sunaombe, ndipo pamasamu okhaokha akunena zoona.

Chimene masamu amenewa saona n'chakuti nkhondo yapatebulo sipambanidwa ndi kuchuluka kwa madayisi amene waponya. Ipambanidwa ndi kukhala ndi anthu pamalo oyenera nthawi yowerenga zigoli. Poyala asilikali, sudziwa kanthu. Sudziwa amene ayambe, poti zimenezo dayisi amagamula nonse mutayala kale. Sudziwa mbali imene mnzako akankhire. Sudziwa ngati kasinja wako wodalirika aphulike ndi chipolopolo choyamba. Kachidole kalikonse kamene waimika patebulo ndi chisankho chimene wapanga uli mumdima. Kamene kali m'bokosi ndi chisankho chimene upange kutacha, utaona pamene pang'ambika. Asilikali oyenda pansi ambiri amayenda mainchi 6 pandime, pomwe tebulo ndi la mainchi 60 m'litali ndi 44 m'lifupi. Ukawaika kumanzere nkhondo n'kukakolera kumanja, amenewo basi apita, adzafika masewera atatha. Amenewotu ndiwo mfuti yolipira yosaomba, ngakhale ali patebulo pooneka.

Palinso china chimene ndimachikonda kwambiri, chifukwa chimachitika m'mutu mwa mdani osati patebulo. Asilikali okhala ndi luso lotchedwa Deep Strike akamachokera m'bokosi amatha kutera paliponse, malinga akhale kutali ndi mdani kuposa mainchi 9. Wosewera wozindikira amadziwa zimenezi, choncho amamwaza magulu ake kumbuyo kuti pasapezeke mpata. Kachidole kamodzi kamatseka bwalo la mainchi oposa 18 kuchokera mbali ina kufika ina. Koma kuti atseke kumbuyo konse ayenera kusiya magulu awiri kapena atatu akungoima, osapita kutsogolo kumene kuli nkhondo. Ndaonapo kagulu kanga kotchipa, kali chikhalire pampando, katagwira miyendo ya magulu a mnzanga a mtengo wowirikiza kawiri. Amayang'ana patebulo, amayang'ana pampando, amatulutsa tepi, amabweza gulu limene anali atalisuntha kale. Asilikali anga aja sanaombe chipolopolo, koma nkhondo anali atayamba kumenya kuyambira ndime yoyamba.

Apa ndiye pamene ena amatengeka n'kunena kuti ngati kusunga kuli kwabwino chonchi, bwanji osasunga gulu lonse la nkhondo? Nthawi ya malamulo a 2008 zimenezi zinkaloledwa, ndipo anthu ankachitadi. Mnzako amayamba, n'kupeza tebulo lili mbee, palibe wowombera, ndime yake yapita pachabe. Nkhani imene osewera akale onse amaidziwa inachitika pampikisano wa magulu a mayiko a ku Ulaya nthawi imeneyo. Wosewera wa asilikali a njinga zamoto a White Scars analengeza kuti onse ali m'bokosi, adzalowera m'mphepete mwa tebulo mbali yake. Mnzake, wosewera gulu lankhondo lotchedwa Tau, anali ndi asilikali otchedwa Kroot, amene malamulo amawalola kuyalidwa kutsogolo, kutali ndi kwawo, ngati pafupi palibe mdani. Poti patebulo panalibe mdani ndi mmodzi yemwe, anawandandalika mzere umodzi m'mphepete monse mwa mnzake uja, kuchokera kona kufika kona. Njinga zija zinalibe polowera. Masewera anatha dayisi la nkhondo lisanaponyedwe. Malamulo a 2012 atabwera anaika malire a theka la magulu, n'kuwonjezera kuti wopanda kachidole patebulo pakutha kwa ndime waluza.

Ngakhale pasakhale a Kroot, kusunga onse kunali ndi matenda ake. M'malamulo a 2008 gulu lililonse linkaponyerwa dayisi kuti lilowe: ndime yachiwiri pankafunika 4 kapena kuposa, yachitatu 3, yachinayi 2. Ukasunga magulu 4, mwayi woti onse alowe limodzi ndime yachiwiri unali umodzi pa 16. Kawirikawiri ankalowa awiri, n'kukumana ndi gulu lonse la mdani litakonzeka, n'kuphedwa. Kenako mmodzi, n'kuphedwanso. Munthu amadyetsa asilikali ake kwa mdani ngati mbamu za nsima, imodziimodzi. Osungidwa amakhala ndi tanthauzo pokhapokha pali ena patsogolo amene agwira mdani pakhosi. Popanda chifuwa, chiuno chilibe ntchito.

Mawu amenewa ndawatenga kwa Azulu, omwe nkhondo yawo ya 1879 ndi imodzi mwa zoseweredwa kwambiri m'magulu ngati lathu kuno. Ankayala asilikali ngati mutu wa ng'ombe: chifuwa chogunda maso ndi maso, nyanga ziwiri zozinga mbali, ndi chiuno, gulu losungidwa kumbuyo. Olemba mbiri amati nthawi zina a m'chiuno ankakhazikidwa pansi atafulatira nkhondo, kuti magazi asawatenthe n'kuthamangira osatumidwa. Amene anaganiza zimenezo ankadziwa mtima wa munthu. Pa 22 January 1879 ku Isandlwana, chifuwa ndi nyanga zinamaliza ntchito, ndipo osungidwa, amuna pakati pa 3000 ndi 4000 otsogozedwa ndi Dabulamanzi kaMpande, m'bale wake wa mfumu Cetshwayo, sanalawe nkhondo yaikuluyo. Anawoloka mtsinje wa Mzinyathi kulowa ku Natal, chinthu chimene mfumu inaletsa, n'kukagwera kamsasa ka Rorke's Drift komwe kunali anthu pafupifupi 150 kuseri kwa matumba a chimanga ndi mabokosi a mabisiketi. Anamenya usiku wonse, anataya amuna oposa 350, n'kubwerera m'mawa. Gulu losungidwa likasowa ntchito limadzipezera yake, ndipo kawirikawiri imakhala yolakwika. Patebulo zimachitika chimodzimodzi, kungoti magazi otentha amakhala a wosewera mwini. Wafika ndime yachiwiri, dzanja likuyabwa, watsitsa asilikali ake abwino mainchi 9 kuchokera kwa mdani kuti amulumphire. Kuti afike pafunika 9 pa madayisi awiri, ndipo mwa njira 36 zimene madayisi awiri angagwere, 10 zokha ndi zimene zimapereka 9 kapena kuposa. Kosakwana katatu pa maulendo 10. Maulendo enawo asilikali aja amangoima poyera, pakamwa pa mfuti zonse za mdani.

Tchimo linalo ndi losiyana ndi limeneli, ndipo ndi limene linandigwira ine. Zaka zingapo zapitazo tinkasewera nkhondo ya nthawi ya Napoleon patebulo la mafiti 6 kwa 4, ine ndili ndi Afalansa. Kuseri kwa kaphiri ndinabisa magulu awiri a oyenda pansi osankhika ndi gulu limodzi la apakavalo ovala zachitsulo pachifuwa, omwe ndinawapenta nyengo yozizira yonse. Pakati pa masewera mzere wa mnzanga unafooka kumanja kwake. Gulu lake limodzi linathawa, lina linali litagwedezeka. Ndinaona. Ndinagwira apakavalo aja, n'kuwasiyanso. Mumtima ndinkati bwanji akandibwerera mbali inayi, ndidzatchinga ndi chiyani? Ndime yotsatira anatseka mpata uja ndi mizinga. Ndinadikiranso mpata wina wabwino koposa. Kenako tinamva makiyi akulira pakhomo, woyang'anira holo akutikumbutsa kuti nthawi yakwana. Tinawerenga, ndinaluza pang'ono, ndipo magulu atatu aja ndinawabwezera m'bokosi ali athunthu, osataya ndi mmodzi yemwe.

Bambo wina wachikulire amene wakhala akusewera kuyambira zaka za m'ma 1970 ankaonerera ali pampando wake. Tikulongedza anandifunsa mofatsa kuti, "Kodi aja ali kuseri kwa phiri amadikira chiyani?" Ndinalibe yankho. Sindinkadikira chinthu chimene ndikanachitchula dzina. Ndinkangofuna kukhala nawo, chifukwa kuwaona ali pamenepo kunkandikhazika mtima pansi.

Anthu amakonda kufanizira khalidwe limeneli ndi Napoleon ku Borodino pa 7 September 1812, pamene akazembe ake anapempha kuti atumize Imperial Guard, asilikali ake osankhika amene anawasunga kumbuyo, kukamaliza Arasha amene anali atatopa, iye n'kukana. Asilikali a Kutuzov, kazembe wa Arasha, anachoka pabwalo ali gulu lankhondo ndithu, ndipo Moscow imene Napoleon analowa patapita sabata sinamupatse mtendere umene ankafuna. Koma ine ndimamumvetsa Napoleon kuposa mmene ndimadzimvetsera ndekha tsiku lija. Iye anali kutali kwambiri ndi kwawo, ndipo anali ndi mawa loti aliganizire. Asilikali amene anawasungawo anamuthandizadi pobwerera, ku Krasny mu November. Ife patebulo tilibe mawa. Ndime yomaliza ikatha, kapena makiyi akalira, msilikali wamoyo amene sanachite kanthu ndi wakufa alibe kusiyana. Chimanga chimasungidwa m'nkhokwe kuti chidyedwe m'miyezi ya njala. Chikapitirira pamenepo, adya ndi anankafumbwe.

Osewera bawo amaudziwa bwino mtima umenewu. Nyumba ikadzaza nkhomo imakoma kuiyang'ana, ndipo mnzako amasewera akuiopa. Ukaigwetsa msanga wataya mphamvu yako pachabe. Ukaikakamira, tsiku lina mnzako amaidya yonse uli maso. Luso lonse lili pa kudziwa nthawi.

Ndiye chimene ndimaumirira ndi ichi: usanaponye dayisi loyamba, gulu lililonse limene wasunga likhale ndi ntchito imene ungainene m'mawu ochepa, ndiponso nthawi imene sulidutsitsa. Nkhanga zinapangana kusanapse. "Awa ndi otseka mpata ukang'ambika pakati." "Awa alowa ndime yachitatu kumbali imene mdani wasiya yofooka, n'kukhala pamalo olimbirana." Ngati sungathe kunena chiganizo chotere, gululo liyale patebulo, chifukwa ukulisungira mantha basi. Chitsanzo chimene ndimachilemekeza ndi cha Julius Caesar ku Pharsalus, zaka 48 Yesu asanabadwe. Mdani wake Pompey anali ndi apakavalo ochuluka kwambiri, ndipo anawaunjika mbali imodzi. Caesar ataona zimenezo anatapa magulu 6 a oyenda pansi pamzere wake wachitatu n'kuwabisa kuseri kwa apakavalo ake kumanja. Sanali osungira chilichonse chimene chingagwe. Anali ndi ntchito imodzi: apakavalo a Pompey akabowola, akumane nawo. Anabowoladi, anakumana nawodi, anabalalika, ndipo magulu 6 aja anapitirira kukazinga mbali ya Pompey. Nkhondo inathera pamenepo.

Onaninso kuti osungidwa a Caesar sanali kutali. Izi anthu a Warhammer amaziiwala, poganiza kuti kusunga ndi bokosi lokha. Gulu lobisala kuseri kwa nyumba yogumuka, pakati pa mzere wako, losawombera ndime yoyamba, nalonso ndi losungidwa, ndipo nthawi zambiri ndi labwino kuposa la m'bokosi chifukwa palibe lamulo la mainchi 9 lolitchinga. Masewera amene anandiphunzitsa zimenezi bwino ndi De Bellis Antiquitatis, omwe onse amangoti DBA, a 1990. Aliyense amakhala ndi timagulu 12 tokha, patebulo laling'ono la mafiti awiri mbali zonse, ndipo ukataya 4 waluza. Ukayala onse 12 mzere umodzi, mzere wako ndi wautali, ukhoza kupitirira wa mnzako m'mbali, ndipo kupitirirako kumamuchotsera 1 pa dayisi lake. Phindu lenileni limenelo. Koma kagulu kamodzi kakafa pakati, oyandikana nako awiri amatsala mbali zawo zili poyera, n'kuyamba kugwa motsatana. Ukayala 9 kutsogolo ndi 3 kumbuyo, mzere wafupika, koma bowo likatseguka ulitseka. Ndipo pali msampha wina: ndime iliyonse umaponya dayisi limodzi lokha, ndipo nambala yake ndiyo kuchuluka kwa malamulo amene ungapereke. Ukaponya 1, kodi usuntha mzere kapena osungidwa? Ngati unawaika kutali, kufika pabowo kudzafuna ndime ziwiri kapena zitatu zimene ulibe. Choncho amaikidwa pafupi, kuseri kwenikweni kwa malo amene ukudziwa kuti ndi ofooka. Kusankha malo amenewo ndiye kuwapatsa ntchito kumene ndikunena.

Funso la kuchuluka kwa osungidwa sinditaya nalo nthawi. Pamasewera a ndime 5 kapena 6, ine sindipitirira gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kawirikawiri ndimachepetsa. Ofunika kusungidwa ndi othamanga, kapena omenya kwambiri koma osachedwa kufa, kapena otchipa oti akangokhala pamalo. Mizinga yowombera kutali ndi asilikali olemera oyenda pang'onopang'ono, amenewo malo awo ndi patebulo kuyambira pachiyambi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimadandaula nacho pa malamulo a 2023 a Warhammer 40,000, ngakhale ambiri amachiyamikira. M'malamulo amenewa osungidwa amalowa nthawi imene mwini wafuna, ndime yachiwiri kapena yachitatu, popanda dayisi. Chachikulu asapitirire yachitatu, apo ayi amawerengedwa kuti afa. Malire a ndime yachitatuwo ndi abwino, amachiritsa matenda anga aja mokakamiza. Koma kulowa mosaphonya kwachotsa kanthu kena koona. Pankhondo yeniyeni woitanidwa amachedwa, amasochera, amalandira malamulo awiri otsutsana. Pa 16 June 1815 asilikali pafupifupi 20,000 a kazembe wachifalansa d'Erlon anatha tsiku akuyenda pakati pa nkhondo ziwiri za ku Quatre Bras ndi Ligny, uku akuitanidwa ndi kazembe Ney, uku ndi Napoleon, osathandiza kwenikweni kulikonse. Masewera ena anasunga chowonadi chimenechi. Mu Flames of War, ya kampani ya Battlefront ya ku New Zealand, umaponya dayisi limodzi ndime yoyamba yoitanira, awiri yotsatira, atatu yinayo, ndipo 5 kapena 6 ndi amene amabweretsa gulu. Mu Bolt Action ya Warlord Games, malamulo a 2016, osungidwa amayamba kuyesa kulowa ndime yachiwiri, ndipo ayenera kupambana mayeso a kumvera lamulo amene awonjezeredwa kuvuta. Ofuna kuzungulira mbali amadikira mpaka yachitatu, ndipo mwini amalemba mobisa papepala, masewera asanayambe, kuti adzalowera kumanzere kapena kumanja.

Lamulo la pepala limeneli ndimalikonda kuposa ena onse, chifukwa limakakamiza munthu kuganiza kusanapse. Wotsutsa adzati dayisi loitanira limapangitsa munthu kuluza popanda kulakwa kwake. Zimachitika, ndipo zimapweteka kuona akasinja ako ali pampando mpaka ndime yachinayi. Koma yankho lake lili m'manja mwa wosewera: yala patebulo gulu loti likhoza kupirira lokha ngakhale thandizo litachedwa. Ngati dongosolo lako lonse likugwa chifukwa gulu limodzi lachedwa ndime imodzi, unasunga zochuluka, kapena unasunga zolakwika.

Mwezi wotsatira mphwanga anabweranso ku holo ija. M'galimoto sitinakambe za masewera. Poyala ndinaona kuti asanu ovala zachitsulo aja atsala m'bokosi, ndipo pansi pa chivindikiro panali kapepala kong'ambidwa m'kope la kusukulu. Ndinapempha kuwerenga. Analemba kuti: ndime 3, malo a kumbali imene kuli anthu ochepa, osalumphira aliyense.

Ndime yachiwiri mnzake anasiya mpata wokopa kumbuyo kwa kasinja wake. Ndinaona dzanja la mnyamata likupita kubokosi, n'kuima pachivindikiro. Anayang'ana kwa ine. Sindinanene kanthu, poti patebulo la eni wowonerera salankhula. Anabweza dzanja. Mnzakeyo, poopa asanu omwewo, anasunga magulu awiri kumbuyo mpaka ndime yachitatu, ndipo pakati pa tebulo mphwanga anapuma bwino. Itakwana nthawi anawatsitsa kumanzere, kuseri kwa khoma logumuka, mainchi 9 ndi kachidutswa kuchokera kwa mdani wapafupi, anayeza kawiri mnzake akuona. Anakhala pamalo aja mpaka mapeto, atatsala awiri. Masewera anathera pafupi kwambiri, mnzake anapambana ndi zigoli zochepa, chifukwa kumbuyo kwa mphwanga kunalinso kopanda mlonda ndipo ndime yomaliza kagulu kothamanga kanalowerako.

Pobwerera anali chete mpaka tinafika pamaloboti a pafupi ndi kwawo. Kenako anati, "Amalume, ndikufunika anthu 10 otchipa oti azingoima kumbuyo." Bokosi lawo tinagula sabata yomweyo. Panopa ali patebulo la kukhitchini kwa mchemwali wanga, pa nyuzipepala yakale, asanu ndi mmodzi apentedwa, anayi akadali otuwa.